Kamera ya m'mapaipi a suweji: kagwiridwe kake ka ntchito, zimene imaona ndi zimene siingaone

Paipi yotenga zonyansa kuchokera m'nyumba kupita ku thanki ya kuseri, kapena ku paipi yaikulu ya mzinda, ndi mbali ya nyumba imene mwini wake saionanso kuyambira tsiku limene amisiri anaikwirira. Imakumbukiridwa pokhapokha madzi a m'chimbudzi akayamba kutsika mozengereza, sinki ikamalira ngati munthu wotsamwa, kapena pabwalo pakatuluka chithaphwi chonunkha m'nyengo yopanda mvula. Zikatero, njira yozolowereka m'matauni ambiri a kummwera ndi pakati pa Africa ndi yotokosa ndi ndodo kapena waya. Zikakanika, amisiri amatenga piki ndi fosholo n'kuyamba kukumba motsatira pamene akuganiza kuti paipiyo inadutsa. Si zachilendo kuswa khonde lonse la simenti pofunafuna vuto limene lili kunja kwa mpanda.

Kamera ya m'mapaipi inapangidwa kuti ithetse kukumba kongoganizira kumeneku. Imalowetsedwa m'paipi n'kumaonetsa pa sikirini mmene mkati mwake mulili, kotero kuti mmisiri amadziwa chimene chavuta ndi malo ake asanaswe pansi. Nkhaniyi ikukhudza nyumba zokhala ndi zimbudzi zamadzi zokha. Mabanja ambiri m'chigawo chino amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, ndipo kwa iwo chipangizochi chilibe ntchito. Koma nyumba za zimbudzi zamadzi zikuchulukirachulukira ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka, Tete ndi m'mizinda ina, pamene m'madera akale a Harare, Bulawayo ndi Johannesburg muli mapaipi amene akhala pansi zaka makumi ambiri.

Mmene chipangizochi chilili

Kamera yogwiritsa ntchito panyumba ndi kamutu kachitsulo kosalowa madzi, kosaposa dzira la nkhuku kukula kwake, kozunguliridwa ndi timagetsi towalitsa mumdima. Kamutuka kamamangiriridwa kunsonga kwa chingwe cholimba koma chotha kupindika, chimene chimakulungidwa pa gudumu. Zingwe zambiri zimatalika mamita 30 mpaka 60. Mmisiri amakankha chingwecho ndi manja, uku akuyang'ana pa sikirini, pamene pamaonekanso nambala yosonyeza mamita amene kamera yayenda kuchokera pamene inalowera. Makamera abwinoko amadziongola okha, kuti pansi pa paipi pazioneka pansi pa chithunzi ngakhale chingwe chitapotokola. Zimenezi n'zofunika kuposa mmene zikumvekera, chifukwa mng'alu wa kudenga kwa paipi ndi mng'alu wa pansi pake sizitanthauza chinthu chimodzi.

M'kamutu muja mumakhalanso kachipangizo kotchedwa sonde, kamene kamatulutsa mafunde a wailesi. Mafunde otchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi a 512 Hz, amene amatha kudutsa ngakhale paipi yachitsulo. Kamera ikafika pa vuto, mmisiri amaisiya pomwepo n'kutuluka pabwalo ndi chipangizo china chomvera mafundewo. Chipangizocho chimamulondolera pamwamba penipeni pa kamera, ndipo chimaperekanso kuya kwake. Apa m'pamene ndalama zimapulumuka: m'malo mwa ngalande yotalika mamita 20, pamakumbidwa dzenje limodzi.

Mapaipi aakulu a mumsewu, oyambira mamilimita 150 kupita m'tsogolo, amayenderedwa ndi kamera yokwera pa kangolo ka mateyala koyendetsedwa ndi munthu amene ali m'galimoto pamwamba. Imeneyo ndi ntchito ya makhonsolo ndi mabungwe a madzi.

Luso limeneli si lachilendo. Kampani ya IBAK ya mumzinda wa Kiel ku Germany inatulutsa kamera yoyendera mapaipi a suweji mu 1957. Makamera oyambawo anali aakulu, olemera ndiponso a zithunzi zopanda mitundu, moti ankangokwana m'mapaipi a mizinda. Kuchepa kwa makamera ndi kutsika kwa mtengo wake ndi kumene kunachititsa kuti pulambala wamba akhale nayo yakeyake yoinyamula pamanja. Lero alipo makamera a makampani odziwika, monga SeeSnake ya RIDGID, komanso ena ambiri otsika mtengo, amene ena mwa iwo alibe sonde kapena chowerengera mamita. Kamera yopanda zinthu ziwirizi imaonetsa vuto koma siinena pamene lili, choncho ndi bwino kufunsiratu mtundu wa kamera musanagwirizane mtengo.

Kayendetsedwe ka ntchito

Kamera imalowera pa malo amene omanga anasiyira ntchito yotsegula paipi: kachivundikiro kopotokola ka pa paipi kuseri kwa chimbudzi, kapena manhole, lomwe ndi dzenje lomangidwa ndi njerwa lokhala ndi chivundikiro. Ngati malo oterewa palibe, kapena anakwiriridwa powonjezera zipinda, zimene zimachitika kawirikawiri, mmisiri amayenera kuzula mtondo wa chimbudzi. Kamera siilowetsedwa kudzera m'mtondomo, chifukwa khosi lake ndi lopindika kwambiri.

Paipi yotsekeka yodzaza madzi akuda siyenderedwa. Kamera ikamira m'madzi otero, sikirini imangoonetsa chimbuuzi. Choncho ntchito imayamba ndi kutsegula njira ndi ndodo, ndi makina a waya wozungulira, kapena ndi madzi othamanga mwamphamvu, ndipo kamera imalowa madzi ataphwa. Amisiri odziwa amakankha kamera mpaka kumapeto kenako n'kuyang'anitsitsa pobwerera, chifukwa pokoka chingwe kamera imayenda mwabata kusiyana ndi pokankha. Panyumba wamba, ntchito yonse imatha kutenga ola limodzi kapena awiri ngati polowera pali poyera.

Zimene zimapezeka m'paipi

Mizu ya mitengo ndiyo imatchuka kwambiri, ndipo ndiyonso imamvetsedwa molakwika. Pa sikirini imaoneka ngati ndevu zoyera zolendewera pamalumikiziro, kapena ngati chisa chodzaza paipi yonse. Anthu ambiri amati mizu yaboola paipi. Kawirikawiri zimakhala kuti paipi inali kale ndi mng'alu kapena malumikiziro omasuka, chinyezi n'kumatuluka, muzu n'kuchilondola. Ukalowa umapeza madzi ndi manyowa chaka chonse, umanenepa, ndipo m'kupita kwa nthawi umakulitsa mng'alu uja. Mitengo ya mizu yaliuma monga kachere, mkuyu ndi bulugamu ndi yodziwika pa khalidwe limeneli, ndipo chilimwe chathu chotalika chimachititsa kuti paipi yothonya ikhale chitsime chokhacho cha mtengo kwa miyezi ingapo. Tanthauzo lake ndi lakuti kudula mizu n'kungogula nthawi. Mpata umene inalowera ukapanda kutsekedwa, imaphukanso, ndipo pulambala yemweyo adzaitanidwanso chaka chamawa. Kudula mtengo nakonso sikutseka mng'alu.

Vuto lachiwiri ndi paipi yotitimira pakati. Zonyansa zimayenda ndi kutsetsereka kwa paipi basi, popanda chozikankha. Malamulo a zomangamanga a ku South Africa amafuna kuti paipi ya mamilimita 100 itsike ndi mita imodzi pa mamita 60 alionse, kapena kuposerapo pang'ono, pamene ku Britain omanga ambiri amatsatira mita imodzi pa mamita 40. Ngati ngalande inakumbidwa mosasamala, kapena dothi la pansi pa paipi silinatsinderedwe, kapena galimoto zolemera zimadutsa pamwamba, gawo lina limatsika n'kukhala ngati beseni. Pa kamera izi zimadziwika chifukwa chithunzi chimalowa m'madzi kenako n'kutulukanso mamita angapo kutsogolo. M'beseni limeneli mumakhazikika mafuta, mchenga ndi mapepala, ndipo paipi imatsekeka pa malo amodzimodziwo mobwerezabwereza ngakhale kuti sinasweke. Madera a dothi lamakande, limene limafufuma kukagwa mvula n'kung'ambika m'chilimwe, amavutika kwambiri ndi zimenezi, pamodzi ndi malumikiziro osemphana, pamene paipi ina yatsika kusiya inzake n'kupanga kachitunda kokola zinthu.

Kamera imasonyezanso mtundu wa paipi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi matenda ake. Mapaipi adothi lootcha a m'nyumba zakale sachita dzimbiri, koma ndi afupiafupi, kotero malumikiziro ndi ambiri, ndipo simenti yomatira malumikizirowo imasweka nthaka ikasuntha. Achitsulo amamera zipsera za dzimbiri mkati, zimene zimakola mapepala, ndipo pansi pake pamadyeka mpaka kusanduka kangalande. Asimenti amadyeka kudenga: mpweya wa m'zonyansa umasandutsidwa asidi ndi tizilombo tokhala pamwamba pa madzi, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Palinso mapaipi opangidwa ndi ulusi wamitengo woviika m'phula, amene anagwiritsidwa ntchito kwambiri pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mpaka m'zaka za m'ma 1970. Ku America amatchedwa Orangeburg, dzina la tauni ya m'boma la New York kumene ankapangidwa, ndipo ku Britain ndi ku South Africa amadziwika kuti pitch fibre. Akakalamba amatupa matuza mkati n'kuphwatalala, ndipo makina otsegulira paipi amatha kuwang'amba. Apulasitiki a mamilimita 110, omwe ndi ofala m'nyumba zatsopano, ndi osalala ndiponso aatali, choncho mavuto awo ambiri amachokera kwa amene anawaika: kukwiriridwa pamwambamwamba, kugonekedwa pa miyala yosongoka, kapena kulumikizidwa mowotcha ndi moto pofuna kupulumutsa ndalama ya cholumikizira.

Kenako pali zimene anthu amaponyamo okha. Matewera, mapadi, nsanza, mapepala olimba, zisononkho, timapepala tonyowa topukutira ana, mafuta ophikira amene amauma akazizira, ndi mchenga wokwechera mapoto umene umakhazikika pansi pa paipi ngati m'mtsinje. M'nyumba zomangidwa kumene mumapezeka zidutswa za njerwa ndi simenti youma imene omanga anatsukira m'paipi. Izi si za mayiko osauka okha. Mu 2017, m'paipi ya mumsewu ku Whitechapel mumzinda wa London munapezeka chimulu cha mafuta ouma ndi timapepala tonyowa cholemera pafupifupi matani 130 ndi chotalika mamita 250.

Zimene kamera siingaone

Apa ndi pofunika kusamala, chifukwa chithunzi cha pa sikirini chimakhutiritsa msanga munthu amene sanaonepo mkati mwa paipi. Kamera imaona mkati mokha. Siiona kunja kwa paipi, siidziwa ngati dothi lozungulira lakokoloka n'kusiya mphanga, ndipo siingayeze kuti khoma la paipi latsala lochindikala bwanji. Chachikulu n'chakuti kamera siingatsimikize kuti paipi ikuthonya kapena ayi. Madzi olowa m'paipi kuchokera m'nthaka amaoneka, koma otuluka saoneka. Mzere umene ukuoneka ngati mng'alu ukhoza kukhala ukonde wa kangaude kapena chipsera cha mafuta, ndipo malumikiziro ooneka bwino akhoza kukhala akuthonya. Pofuna kudziwa za kuthonya, paipi imatsekedwa kumunsi n'kudzazidwa madzi kapena mpweya, kenako n'kuona ngati akuchepa. Mankhwala opatsa madzi mtundu amathandiza kudziwa kumene madzi akupita, ndipo utsi wopopera m'paipi umaulula pamene fungo likutulukira.

Kutsetsereka kwa paipi nakonso kamera wamba siikuyeza. Imangosonyeza pamene madzi aima.

Kwa nyumba za thanki ya kuseri pali chinthu china choyambira. Chimbudzi chikhoza kubweza osati chifukwa cha paipi, koma chifukwa thanki yadzaza matope, kapena dzenje la miyala lomwetsa madzi m'nthaka lasiya kumwa, makamaka m'dzinja madzi a pansi akakwera. Kutsegula chivundikiro cha thanki n'kuona pamene madzi alekeza sikulira ndalama, ndipo kuyenera kuchitika kamera isanaitanidwe. Ngati madzi akwera kupitirira pakamwa pa paipi yolowa, vuto lili kutsogolo, osati m'paipi ya m'nyumba.

Popeza kumasulira chithunzi kumadalira munthu, mayiko ena anakhazikitsa kalembedwe kamodzi ka zimene zapezeka. Ku Britain bungwe la WRc lili ndi buku lofotokoza zizindikiro za vuto lililonse, ku Ulaya kuli muyezo wa EN 13508-2, ndipo ku America bungwe la NASSCO limaphunzitsa amisiri kupereka magiredi oyambira 1 mpaka 5, pamene 5 ndi vuto lofunika kukonzedwa mwamsanga. Mwini nyumba wa ku Ndola kapena ku Mzuzu sangayembekezere lipoti lotere kwa pulambala aliyense, koma angathe kufuna zinthu zitatu: kukhalapo pamene kamera ikulowa, kupatsidwa vidiyo yonse pa foni kapena pa fulashi, ndi chizindikiro cha penti pansi chosonyeza malo ndi kuya kwa vuto. Vidiyoyo iyambe ndi chithunzi cha nyumba ndi polowera, kuti pasakhale chikaiko chakuti paipi yooneka ndi ya nyumba imeneyo. Kunena zimenezi si kunyoza amisiri. Munthu amene akuyeza ndi yemweyo amene adzalandire ntchito yokumba, ndipo paipi iliyonse ya zaka 40 ili ndi zipsera zimene zingaopseze wosadziwa. Amene ali ndi vidiyo angathe kuionetsa kwa mmisiri wachiwiri.

Wolipira ndani

Mikangano yambiri ya suweji ndi ya malire. Mwini nyumba amati wochita lendi amaponya zinyalala m'chimbudzi, wochita lendi amati paipi ndi yakale. Vidiyo imaweruza mkangano umenewu mosavuta: thewera ndi mlandu wa wokhalamo, pamene mizu ndi paipi yotitimira ndi za mwini nyumba. Chimodzimodzi pamene nyumba zingapo zikugwiritsa ntchito paipi imodzi, monga zimakhalira m'nyumba zamdadada, nyumba yakumunsi ndiyo imasefukira ngakhale chotseka chitachokera kumtunda.

Malire ena ndi a pakati pa mwini nyumba ndi khonsolo kapena bungwe la madzi. M'mizinda yambiri, paipi ya mkati mwa puloti ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo yaikulu ya mumsewu ndi ya mzinda, koma kachigawo kolumikiza ziwirizi kamasiyana malamulo ake mzinda ndi mzinda. Ku England ndi Wales, kuyambira pa 1 Okutobala 2011, mapaipi ogwiritsidwa ntchito ndi nyumba zingapo komanso gawo lopitirira malire a puloti zinaperekedwa m'manja mwa makampani a madzi. Kulikonse kumene munthu ali, nambala ya mamita ndi chizindikiro cha sonde ndiwo umboni wosonyeza mbali ya malire imene vuto lili.

Wogula nyumba yakale ndiye amapindula kwambiri ndi kamera, chifukwa kwa iye mtengo wa kuyeza ndi wochepa poyerekeza ndi kusintha paipi yodutsa pansi pa nyumba. Ngakhale kumene malamulo amafuna kuti mapaipi ayenderedwe nyumba isanagulitsidwe, monga mumzinda wa Cape Town, chiphasocho chimaona zinthu monga mita ya madzi, kuthonya kwa mipopi ndi kuti madzi a mvula sakulowa m'suweji. Sichinena kanthu za mmene paipi ya pansi ilili mkati.

Chifukwa chake si nkhani ya mwini nyumba yekha

Paipi ya suweji yothonya imathira zonyansa m'nthaka momwe muli zitsime, mijigo ndi mapaipi a madzi akumwa. Madzi a m'mipopi akamatuluka mwa apo ndi apo, paipi ya madzi imakhala yopanda mphamvu kwa maola ambiri, ndipo ngati ili ndi mng'alu imayamwa madzi a m'dothi lozungulira. Mliri wa kolera wa ku Zimbabwe wa 2008 mpaka 2009, umene unayambira ku Chitungwiza n'kupha anthu oposa 4,000, unabuka pa nthawi imene mapaipi a suweji ankasefukira m'misewu ndipo mipopi inali youma. Mu Sepitembala 2018 kolera inabukanso ku Glen View ndi Budiriro mumzinda wa Harare, ndipo akuluakulu a zaumoyo analoza chala zitsime ndi mijigo zimene zinaipitsidwa ndi mapaipi a suweji ophulika. Ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe, mu Julaye 2017, zonyansa za suweji zinalowa m'mapaipi a madzi akumwa n'kutulukira m'mipopi ya m'nyumba. Zochitika zimenezi zinakhudza mapaipi a mizinda, ndipo kamera ya panyumba sikanaziletsa. Koma njira imene zonyansa zimayendera m'nthaka ndi yomweyo pa puloti imodzi, makamaka masiku ano pamene mabanja ambiri akukumba chitsime kapena mjigo pafupi ndi thanki yawo kapena ya oyandikana nawo.

Vuto likapezeka

Mafuta, mchenga ndi zinyalala zimachoka ndi madzi amphamvu, ndipo kamera imalowanso kutsimikiza kuti paipi yayera. Paipi yotitimira kapena yophwanyika ilibe mankhwala ena koma kukumba n'kuiyalanso pa mchenga wotsindira bwino. Paipi yong'aluka koma yosapindika ingathe kuvekedwa ina mkati mwake popanda kukumba. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi Eric Wood ku London mu 1971: thumba lalitali la nsalu yoviikidwa m'guluu wapadera limalowetsedwa m'paipi, limafufumitsidwa ndi madzi kapena mpweya kuti limatirire m'mbali, ndipo likauma limasanduka paipi yatsopano yopanda malumikiziro. Pa mng'alu umodzi amamata chigamba chachifupi mwa njira yomweyo. Chovalacho chimatsatira maonekedwe a paipi yakale, choncho sichiongola paipi yotitimira. Kumene ganyu yokumba ndi yotsika mtengo ndipo paipi ili pabwalo la dothi, kukumba kumakhala kotchipa kuposa kuveka. Kuveka kumapambana pamene paipi yadutsa pansi pa nyumba, pa matailosi kapena pansi pa msewu.

Ubwino wina wa kamera ndi woti munthu salowa m'dzenje. M'manhole ndi m'mathanki mumakhala mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lowola, umene ukachuluka umapha mphamvu ya mphuno yomva fungo, kenako n'kukomola munthu m'kanthawi kochepa. Mumakhalanso mpweya wa methane umene umayaka, ndipo mpweya wabwino wopuma umatha kuchepa kwambiri. Pa ngozi zotere kawirikawiri amafa anthu awiri kapena atatu, chifukwa wachiwiri amatsika kukapulumutsa woyamba. Mmisiri amene akuyeza ndi kamera amaima pamwamba, atavala magolovesi, ndipo akamaliza amayenera kutsuka chingwe chonse ndi mankhwala ophera tizilombo asanachikulunge n'kupita nacho ku nyumba ina.